Tsiku Limene Ndinakhalira Bokosi la a Filesi

Siyani zigubuzo pamzere, ana inu, mubwere mukhale pamthunzi pano. Mzere uwu si woti utha msanga, taonani wakhotera mpaka kuseri kwa tchalitchi. Iwe Tendai, foniyo ilowe m'thumba, siithawa. Rudo, chotsa chala m'kamwa, wangogwira kumene chitsulo cha mjigo. Ee, mjigo, womwe inu mumati chibhorani. Chichewa chanu chinatsalira m'mimba mwa amayi anu.

Koma amene ndikumufuna kwenikweni ndiwe, Chisomo. Dzulo pamaliro paja ndinakuona. Nditakana kusamba m'beseni lomwe anthu onse anali atasambamo, n'kuuza mtsikana wozungulitsa beseni uja kuti andithirire madzi m'manja ndi jagi, iwe unabisa nkhope ngati wagwidwa ukuba shuga. Pobwerera unauza amayi ako kuti gogo amachititsa manyazi. Ndinamva. Makutu awa anakalamba kunja kokha. Ndiye lero ndikuuza za manyazi enieni amene ndinachititsa m'lokeshoni yathu ino ya Budiriro, iwe uli kubere, ukamva uweruze wekha.

Ine ndinabadwira pafamu ya fodya. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi, atanyamula bulangete ndi kampoto, akuti adzagwire ntchito pang'ono kudziko lino agule njinga abwerere. Njingayo anagula, koma kubwerera kunawakanika, ndipo anaikidwa kuseri kwa komboni. Amayi anamwalira ine ndisanadziwe kumanga nsalu. Amene anandilera ndi achemwali anga, a Filesi, agogo anu aakulu amene ali pachithunzi chija chapakhoma. Ankandibereka kumsana popita kukathyola fodya, ine n'kumagona mutu uli gwedegwede padzuwa. Phala ankandiphikira m'chitini, ndipo ndikalira ankandipatsa phesi la chimanga kuti ndizitafuna ngati nzimbe. Inu mukalira mumafuna ma chips.

A Filesi anali munthu waukhondo wochita kutopetsa. Duku lomwe ankalisita, ndi simbi ya makala, ija yoti uziiuzira mpaka masaya kupweteka. Madzi a kudamu sankamwa asanawasefe pansalu yoyera. Tinkawaseka kuti anayenera kubadwa mzungu. Ana awo sanakhale moyo, onse anapita ali akhanda, choncho nditabereka Esinati, amayi anu, a Filesi anangomutenga ngati wawo. Ine ndinabereka, iwo analera. Mpaka lero amayi anu akamapinda zovala ndimaona manja a a Filesi.

Ndi iwonso amene anandiphunzitsa kusambitsa maliro. Musakwinye nkhope, ndi ntchito yaulemu imeneyo. Ife ana a anthu obwera tinalibe mudzi kuno. Anzathu Achishona akamwalira, lole inkawatenga kupita kumusha, kwawo. Ife kwathu kunali dzina chabe, Dedza, Ntcheu, malo amene tinkangowamva m'nyimbo za akuluakulu. Ndiye tinkati munda tilibe, mudzi tilibe, koma munthu wathu sapita ndi litsiro. N'chifukwa chake tinali ndi sosaite yathu ya maliro, amuna kukonza bokosi ndi manda, ife amayi kusambitsa akazi anzathu ndi kuphikira olira. Maliro n'kulirana.

Kusambitsako kuli ndi njira yake. Madzi akhale ofunda, uwayese ndi chigongono monga uchitira ndi khanda. Umayambira kumutu. Ndipo sugwira mwakachetechete ayi, umamuuza munthuyo zonse: tikukutembenuzani tsopano, mayi, tatukulani mkono. Ukatha umamupukuta, kumudzoza mafuta, kumumanga duku bwinobwino. A Filesi ankati munthu akabwera padziko amasambitsidwa ndi ena, pochokanso asambitsidwe ndi ena, pakati pokhapa ndi pamene amadziona ngati wanzeru.

Mafamu atasokonekera tinakwera lole ndi mapoto athu kubwera kuno. Agogo anu aamuna anali atamwalira kale. Tinachita lendi zipinda ziwiri, ine, a Filesi ndi Esinati, n'kuyamba kugulitsa tomato pamsewu. Ndinkadzuka kukakwera kombi ya kumsika waukulu wa ku Mbare kukapikula, a Filesi n'kumaunjika timilu, tomato aliyense atapukutidwa ngati akupita ku ukwati. Esinati anakwatiwa ndi bambo anu, koma bambo anuwo sanakhalitse, anatsikira ku Joni kukasaka ntchito iwe Chisomo uli m'mimba. Sosaite tinaipeza kuno ilipo, anthu akumafamu okhaokha, wapampando wake a Mbewe, bambo wofatsa amene anali kapitawo pafamu ina.

Pansi pa bedi la a Filesi panali sutikesi yabulauni. M'menemo munali sopo wonunkhira wosatsegula, thaulo latsopano, botolo la mafuta odzola ndi duku loyera. Nthawi ndi nthawi ankazitulutsa kuziwotha padzuwa, n'kumauza aliyense amene alipo kuti tsiku lawo likadzafika adzawasambitse ndi Esinati. Ine ankandikana, ati manja anga ndi okhakhala ngati chitsononkho, ndingawakande. Tinkaseka. Esinati analonjeza pamaso pa amayi onse a sosaite, ndipo sanali kuseka ayi.

Kenaka chinafika chaka chija ndalama inasanduka mapepala, m'masitolo muli mashelufu okhaokha. Mipopi inauma. Mapaipi a zimbudzi anaphulika, zonyansa n'kumayenda mumsewu ana akuzilumpha popita kusukulu. Mijigo ngati uwu inali isanachuluke, ndiye aliyense anakumba kachitsime pakhomo, kosafika ndi m'khosi momwe. Mvula itayamba, madzi amumsewu aja anapeza njira yawo. Tinkatunga madzi ooneka oyera bwinobwino, osadziwa chimene chinalimo.

Kutsegula m'mimba tinkakudziwa kuyambira kufamu. Mwana akatsegula unkamupatsa madzi a shuga ndi mchere, mawa ali panja akusewera. Koma ichi chinali chinthu china. Bambo wamphamvu zake, amene wakupatsa moni m'mawa akupita kuntchito, umamva kuti mawa lake kulibe. Madzi ankangotuluka m'thupi, oyera ngati otsukira mpunga, maso kulowa m'kati, zala kukwinyika ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Anamwino ankati ndi kolera, tizilombo tosaoneka ndi maso toyenda m'madzi ndi m'manja, ndipo ta chaka chimenecho tinali taukali. Sikanali kusankha kuti uyu ndi wokalamba, uyu ndi mnyamata.

Woyamba kumwalira m'sosaite yathu anali mayi wina wa mzere wa nyumba wakumunsi. Anafera pakhomo, achibale akuti ndi m'mimba wamba. Tsiku limenelo ine ndinali ku Mbare, makombi akusowa, ndipo ndinafika atasambitsa kale. Amene anasambitsa anali a Filesi pamodzi ndi mnzawo Nabanda, mayi wansangala amene ankatsogolera nyimbo. Atatha anatsukuluza m'manja, Nabanda n'kupita kukagawa ndiwo. Anthu anagwirana chanza monga mwa mwambo, beseni limodzi linazungulira bwalo lonse, woyamba kusamba madzi oyera, womaliza kusamba msuzi. Ine sindinadye, osati chifukwa cha nzeru, koma tomato wanga anali padzuwa ndipo ndinathamangira kukamusamala.

Sabata isanathe Nabanda tinamuika. Ena amene anadya pamaliropo anali m'matenti kuchipatala. Ndiye m'mawa wina ndinapeza a Filesi atakhala pansi pafupi ndi ndowa, munthu waukhondo uja, akundiyang'ana ndi maso amanyazi. Ndinauza Esinati kuti atenge mwana atuluke, asagwire kanthu. Ndinabwereka wilibala, n'kuwayalira bulangete, n'kuwakankha ndekha mpaka kuchipatala. Anali atapepuka ngati mtolo wa udzu. M'njira monse ndinkawamwetsa madzi a shuga ndi mchere, iwo n'kumabweza. Mawu okha amene ananena ndi akuti sutikesi ili pansi pa bedi.

Kuchipatala anali atamanga matenti pabwalo, mabedi ake oboola pakati, pansi pali ndowa. Ife achibale tinkaima kumpanda. Pachipata ankatipopera mankhwala a kolorini, nsalu yanga inachita mawangamawanga oyera. Anawaika madiripi, anayesetsa ndithu, koma tinali titachedwa. Amene anadzandiuza kuti atisiya anali namwino wina wamng'ono, maso ofiira ndi tulo. Nditamuuza kuti ndine wosambitsa maliro, anandigwira paphewa n'kundifotokozera kuti munthu akafa ndi matendawa tizilombo sitifa naye, timatsala m'madzi a m'thupi mwake, ndipo wosambitsa amatitenga m'manja kupita nato kumphika ndi kubere. Anati thupi alipopera, alitsekera m'thumba la pulasitiki, ndipo thumbalo lisatsegulidwe ndi munthu aliyense. Pamene ankalankhula ine ndinkaona Nabanda ndi chipande m'manja.

A sosaite anabweretsa bokosi ndi kagalimoto kapabwalo kumbuyo. Lamulo linali lakuti tipite molunjika kumanda. Wa zaumoyo amene anayenera kutiperekeza anaitanidwa kwina, maliro anali ambiri kuposa anthu owayang'anira. Ndiye a Mbewe anauza dalaivala kuti tidzere kunyumba pang'ono, mayi atsanzike pakhomo pawo. Ine ndinali kumbuyo ndi bokosi. Sindinatsutse, ndinkati tingoima, tiimbe nyimbo imodzi, tipitirire.

Titakhota kulowa mumzere wathu ndinaona utsi. Mgolo wa madzi unali pamoto. Amayi a sosaite anali atatchinga khonde ndi nsalu. Ndipo pakhomo panaima Esinati, thaulo lija lili paphewa, sopo m'manja, iwe Chisomo uli kumsana ukuyamwa chibakera chako. Anali atakonza zonse ine ndili kumpanda kuja.

Ana inu, mtima wanga unagwa, kenaka unauma gwa. Galimoto isanaime bwino amuna anayi anali atafika kale kudzatsitsa bokosi. Sindinaganize zambiri. Ndinanyamuka, ndinakonza nsalu yanga, n'kukhala pamwamba pa bokosi la achemwali anga, pakatikati, manja ndagwira uku ndi uku.

Nyimbo imene amayi ankaimba inaduka. Inu simungamvetse kukula kwa chinthu chimenecho. Bokosi silikhaliridwa, ngakhale kulilumpha sililumphidwa. A Mbewe anavula chipewa n'kuyandikira.

"Mayi, tsikani. Mwakhalira akulu anu."

"Ndawakhalira, bambo," ndinatero. "Anandibereka kumsana ndili mwana, lero andiberekanso mpaka kumanda. Bokosi ili silitsika pano."

Anayamba kundinyengerera, kuti chisoni chandizunguza mutu, kuti angotsegula pang'ono, kumaso kokha ndi m'manja. Ndinawauza zimene namwino ananena. Mayi wina anayankha kuti achipatala sadziwa mwambo wathu, iwo munthu amamuona ngati katundu. Kumbuyo ndinamva manong'onong'o akuti ndikubisa chiyani m'thumbamo, mwina ndine ndawadya achemwali anga. Mawu amenewo anandilasa, sindikubisirani. Munthu amene ndinamukankha pawilibala ndekha, iwo akusuzumira m'mawindo.

Koma zonsezo zinali zopepuka. Cholemera chinali Esinati. Anabwera pang'onopang'ono mpaka pambali pa galimoto, misozi ikugwera pathaulo.

"Amayi, ndinalonjeza. Inu munalipo."

"Ndinalipo, mwanangu. Unalonjeza ndi pakamwa. Koma manjawo si ako wekha, ndi a mwana ali kumsanayo. Ukachoka apa ukamuyamwitsa ndi manja ati?"

"Ndiye apite ndi litsiro ngati galu? Munthu amene anandilera?"

"Apite. Akakafunsa kumeneko anene kuti ndine. Mlandu umenewu ndisenza ndekha."

Mnyamata wina wa sosaite, wamapewa ake, anakwera kuti andinyamule. Ndinamutambasulira manja n'kumuuza kuti andigwire ndithu, zovala zimene ndavalazi ndi zomwe ndinawanyamula nazo a Filesi akudwala. Anabwerera m'mbuyo mpaka anatsala pang'ono kugwa m'galimoto. Amuna ena aja nawonso anafutuka. Zovalazo zinali zitapoperedwa kale pachipata paja, koma zimenezo sindinawauze. Ndinangowayang'ana mmodzimmodzi n'kuwafunsa kuti ngati akuopa nsalu yanga yokha, akufuniranji kuti mwana wanga apise manja m'thumbamo.

A Mbewe anavala chipewa n'kuuza dalaivala kuti alize galimoto. Ndinawapempha kuti madzi a mumgolo atayidwe ndipo pasaphikidwe chakudya. Ndinapita kumanda nditakhala pomwepo, m'mabampu monse, ndikuwauza a Filesi njira monga anandiphunzitsira: takhota tsopano, achemwali, tadutsa pamsika pathu, pepani ndikukulemerani. Anthu amene anatsatira anali ochepa. Esinati anabwera, koma anaima patali, ndipo sanandiyang'ane.

Musaganize kuti mawa lake anthu anabwera kudzandithokoza. Zimenezo ndi za m'mafilimu anu. Amayi a sosaite anasiya kundiitana kukasambitsa. Ena ankadutsa tebulo langa kukagula tomato kutsidya kwa msewu, wanga n'kumaola. Ankadikira kuti mzimu wa a Filesi ubwera kudzandivutitsa, ndipo ndikangotsokomola ankati wayamba. Amayi anu tinkagona nyumba imodzi, kudya mbale zoyandikana, koma miyezi inapita osandilankhula. Akafuna kanthu ankauza iwe, khanda lopanda ndi dzino lomwe: Chisomo, auze agogo ako kuti mchere watha. Ine n'kuyankha kuti Chisomo, auze amayi ako kuti ndamva. Unali wapakati wathu usanadziwe kukhala pansi.

Zinkandiwawa kwambiri. Ndinali nditataya achemwali anga, ndipo mwana wanga ndinkamuona koma ndinalibe. Ndinkalira ndikusankha tomato. Koma kunong'oneza bondo ayi. Tsiku lililonse ndinkawiritsa madzi, nkhuni zikasowa ndinkathyola makatoni, ndipo ndinaika chigubu ndi sopo pakhomo kuti wolowa aliyense asambe, kaya ndi m'busa. Mwina ukufuna kundifunsa ngati amayi ako akadadwaladi atasambitsa. Sindikudziwa. Alipo ena anasambitsa osadwala. Koma ine sindinali wokonzeka kuyesera pa mwana wanga ndi mdzukulu wanga kuti ndione ngati namwino ananama.

Matenda atatha, anthu anayamba kubwerera patebulo langa mmodzimmodzi, osatchula kanthu. Amayi anunso anayamba kundilankhula, za mchere, za lendi, koma dzina la a Filesi silinkatuluka pakati pathu, ndipo sutikesi ija anaisamutsira pansi pa bedi lawo. Zinakhala choncho mpaka chaka chimene iwe unayamba sukulu, pamene bambo anu anatithandiza kuika chiliza pamanda.

Tsiku lokaona chilizacho Esinati anadzuka n'kufunditsa madzi. Anawathira m'chigubu, n'kuchikulunga ndi bulangete kuti asazizire. Ndinaona akutulutsa sutikesi, koma sindinafunse. Tinakwera kombi atatu, iwe uli pakati. Titafika anathira madzi m'beseni, anawayesa ndi chigongono, anatsegula sopo uja. Anali atang'ambika ndi ukalamba, fungo litatha. Anagwada kumutu, pamene palembedwa dzina, n'kunena kuti, "Amayi aakulu, ndabwera. Ndachedwa, koma ndabwera. Ndiyamba kumutu."

Anasambitsa mwala wonsewo pang'onopang'ono, akuwauza chilichonse, iwe ukuviika manja m'thovu n'kumaseka. Ine ndinaima chapatali, ndinkati si zanga. Atatha anatembenuka n'kunditambasulira thaulo. Anati ndipukute ndine, a Filesi apirire chitsononkhocho kamodzi kokha. Tinaseka, kenaka tinalira mpaka anthu a pamanda ena anatiyang'ana. Mafuta tinadzoza pamwala, duku tinalimanga kumutu kwa chiliza. Kuyambira tsiku limenelo ndinapezanso mwana wanga.

Tsopano mwamva kuti matenda aja ayambanso kumveka m'mizere ina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake madzi amene titunge pano, ngakhale ndi a pamjigo, tikafika tiwathira mankhwala, ndipo iwe Tendai usandiuzenso kuti akununkha ngati chipatala. Amwe akununkha choncho. Pamaliro ndipitabe, kulira ndilira nawo, koma m'beseni la anthu onse sindipisamo dzanja, anene zimene anene.

Taonani, mzere wasuntha. Tendai ndi Rudo, thamangani mukakankhe zigubu asatilowerere. Iwe Chisomo tsala kaye, undigwire dzanja ndidzuke.

Nanenso ndili ndi sutikesi pansi pa bedi, sopo ndi thaulo zili momwemo. Ndikadzapita ndi ukalamba, udzandisambitse ndiwe, madzi ofunda, kuyambira kumutu, ndipo uzidzandilankhula m'Chichewa, ngakhale chako chopindikacho. Koma akadzanditenga ndi matenda awa, thumba lisadzatsegulidwe. Amayi ako ndimawadziwa, adzafuna, ndipo anthu adzawathandiza kufuna. Pamenepo iwe usadzabise nkhope ngati dzulo. Udzakwere m'galimoto, udzakonze nsalu yako, udzandikhalire. Msana uwu unakubereka kale, ukudziwa kulemera kwako.